Chikande cha kumutu kwa dambo: mbiri ya malo amene tinagwirizana kusalima

A komiti atandiuza kuti ndilembeko mbiri m'kabuku kachikondwerero aka, anayembekezera kuti ndikamba za misika ya soya ndi mtedza. Zimenezo a tcheyamani ndi a msungichuma alemba kale. Ine ndapempha kuti ndilembe za kamalo kamene sikanatipatsepo thumba ngakhale limodzi lokagulitsa. Ndikunena kumutu kwa dambo kuja, kumene tinagwirizana kuti khasu lisamafikeko, kumene tikusamala chikande ndi maluwa anzake. Ena mumakutcha munda wa alangizi, ena mumangoti tchire basi. Pa msonkhano waukulu ukubwerawu nkhani ya malowa ibweranso, chifukwa pali mamembala amene akupempha kuti malowo agawidwe, akhale madimba. Musanakweze mikono, tiyeni tikumbutsane kumene dambo limeneli lachokera.

Dambo la makolo

Dera lathu lino la Inkosi Zulu ndi la Angoni a Mpezeni amene anakhazikika pakati pa Achewa. Makolo awo anawoloka Zambezi m'chaka cha 1835 motsogozedwa ndi Zwangendaba, ndipo patapita zaka zambiri gulu la Mpezeni linadzamanga midzi m'dziko lino la pakati pa Chipata ndi Mchinji, malire a maiko asanadulidwe. Mngoni chuma chake chinali ng'ombe, ndipo ng'ombe m'chilimwe imadalira dambo. Kumtunda udzu ukauma, msipu wobiriwira ndi madzi zinkapezeka kudambo. Mchewa naye ankalidziwa dambo: ankapezako udzu wofolera, bango, dothi loumbira miphika, nkhanu ndi milamba, komanso kadimba kakang'ono ka maungu ndi chimanga chachiwisi cham'mphepete.

M'chaka cha 1898 asilikali a boma la Britain anagonjetsa Angoni, napha Nsingo mwana wa Mpezeni, nalanda ng'ombe zambirimbiri. Pambuyo pa nkhondoyo anamanga linga lotchedwa Fort Manning, limene dzina lake linakhala la boma lathu mpaka pamene linasinthidwa kukhala Mchinji dziko litalandira ufulu. Mwambo wa Nc'wala unaletsedwa, ndipo unadzayambiranso mu 1980. Ambiri a inu mumapita ku Mtenguleni mwezi wa February, ndiye mbiri imeneyi si yachilendo kwa inu. Zinthu zinasintha kwambiri m'zaka zimenezo, koma pakati pa dambo ndi kumutu kwake panakhalabe posalimidwa. Panalibe chikwangwani choletsa. Anthu anali ochepa, minda kumtunda inalipo, ndipo dothi la makande ndi lolemera kuligaula ndi khasu.

M'malo osalimidwa amenewa ndi momwe munkamera chikande. Achinyamata ena mwangochidya pamsika osaona mmera wake. Ndi duwa la m'dambo la mtundu umene akatswiri amautcha orchid, ndipo lili ndi magulu angapo, monga Disa, Satyrium ndi Habenaria. Limatuluka mvula ikagwa, n'kuchita maluwa cha m'ma December mpaka February, ena oyera, ena obiriwirako, ena ofiirira. Pansi pake pamakhala timbatata tating'ono tonga kachewere. Amayi amatitsuka, kutisinja, kusakaniza ndi nsinjiro, mchere ndi chidulo kapena soda, n'kuphika mpaka chilimbe, chizidulidwa ngati nyama. Kumpoto amati chinaka, ku Zambia amati chikanda. Agogo athu ankakumba chokwanira ndiwo za tsiku limenelo, n'kusiya china.

Nthawi ya malimidwe

Boma la atsamunda ndilo linayamba kuika malamulo olembedwa pa nkhani ya nthaka ndi madzi. Mu 1946 linakhazikitsa lamulo losamalira zachilengedwe, ndipo pambuyo pa njala ya 1949, mu ulamuliro wa bwanamkubwa Geoffrey Colby, malamulowo anakhwima. Anthu ankakakamizidwa kupanga mizere yopingasa ndi migula, ndiponso ankaletsedwa kulima m'mphepete mwenimweni mwa mitsinje. Wolakwa ankalipitsidwa, ena ankamangidwa kumene. Akuluakulu amaitcha nthawi ya malimidwe, ndipo saikumbukira mokoma. Mu 1953 Inkosi Philip Gomani ya ku Ntcheu inachotsedwa pampando itauza anthu ake kuti asamvere malamulo a zaulimi, pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland.

Ndikukumbutsani zimenezi dala, chifukwa ntchito imene ndimagwira ine inabadwira m'nthawi imeneyo. Mlangizi wa masiku amenewo anthu ankamuona ngati wapolisi. Malangizo ena anali abwino ndithu, monga osalima m'khonde mwa mtsinje, koma poti anabwera ndi chikoti, anthu anawada pamodzi ndi amene anawabweretsa. Ufulu utabwera, ambiri anaona kulima mpaka m'madzi ngati chizindikiro choti tsopano tili pathu. N'chifukwa chake lero munthu akamva mlangizi akuti "apa musalimepo", mumtima amayamba wakwiya asanamve chifukwa chake. Ine sindimudabwa.

Mmene dambo linachepera

Dambo silinathe tsiku limodzi, ndipo palibe munthu mmodzi amene tingamuloze chala. M'zaka za m'ma 1970 maesiteti a fodya anachuluka m'boma lino ndi ku Kasungu, natenga malo ambiri a kumtunda. Kuyambira 1990 alimi ang'onoang'ono analoledwa kulima fodya wa bale, zigafa zinamera paliponse, mitengo ya m'mbali mwa dambo inakhala mitanda ndi mafoloko. Ena anabzala bulugama pafupi ndi akasupe, osadziwa kuti amamwa madzi kwambiri. Anthu nawo anachuluka. Kalembera wa 1998 anapeza anthu pafupifupi 325,000 m'boma la Mchinji, pamene wa 2018 anapeza oposa 600,000. Malo ndi omwewo.

Kenako kunabwera chilala cha 1992, njala ya 2002 ndi inanso ya 2005. Amene munaiona ya 2002 mukukumbukira anthu akudya zitsa za nthochi ndi gaga. Zitatero boma ndi mabungwe analimbikitsa ulimi wa mthirira, mathiredo pampu anagawidwa, ndipo uthenga unali woti tizikolola kawiri pa chaka. Uthengawo unapulumutsa miyoyo, tisaunyoze. Madimba analowa m'dambo, kuchokera m'mphepete kulowa pakati, kuchokera kumunsi kukwera kumutu. Onjezerani oumba njerwa, okumba mchenga ndi moto wa osaka mbewa mu September. Aliyense anadula kachidutswa kake pa chifukwa chomveka, ndipo chotsala ndicho mukuchiona lero.

Chikande nacho chinapeza tsoka lakelake. Chimene chinali ndiwo ya m'mudzi chinasanduka malonda aakulu ku Zambia, mpaka m'mizinda. Pa msika wa Soweto ku Lusaka timbatata timeneti timagulitsidwa m'matumba. Cha ku Zambia chitayamba kusowa, ogula anayamba kuchifuna ku Tanzania, ku Congo, ku Angola ndi kuno kwathu. Mu 2003 akatswiri awiri, Tim Davenport ndi Henry Ndangalasi, anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti timbatata pakati pa 2 miliyoni ndi 4 miliyoni tinkachoka ku Tanzania kupita ku Zambia chaka chilichonse. Dziko la Tanzania linafika pokhazikitsa nkhalango yotetezedwa ya Kitulo mu 2005, makamaka pofuna kuteteza maluwa. Kwathu kuno, ku Nyika, kumene kuli mitundu ya maluwa amenewa yoposa 200, alonda a nkhalango amalimbana ndi okumba mozemba. Ife tili pa malire penipeni, njira ya ku Mwami ndi iyi, ndiye musadabwe kuti ogula anatipeza msanga. Dziwaninso kuti maluwa a mtundu umenewu ali m'gulu la zomera zotetezedwa ndi pangano la maiko la CITES, moti kuwolotsa timbatata timeneti pa malire popanda chilolezo ndi mlandu.

Vuto la kukumba ndi ili. Mmera uliwonse umakhala ndi kambatata kakale kamene kafota chifukwa kadyetsa mmera wa chaka chino, ndi katsopano kamene kadzaphuke chaka chamawa. Wokumba amafuna katsopanoko, chifukwa ndiko kolimba. Akakatenga, mmerawo watha. Akakumba maluwa asanakhwimitse njere, ndiye kuti wapha mayi ndi ana omwe.

Phunziro limene tinalipira

Kopaletivi yathu itangoyamba, nkhani ya maluwa inalibe malo pa misonkhano. Tinkakamba za mbewu, feteleza ndi mavenda, basi. Ine ndemwe, nditangochoka ku sukulu ya ulimi ndi satifiketi yanga, dambo ndinkaliona ngati malo a mthirira amene akungogona. Za njuchi ndinkadziwa kuti zimapanga uchi ndipo zimaluma.

Mu nyengo ya 2016 mpaka 2017 kunafika mbozi za ntchemberezandonda, ndipo mu December 2017 boma linalengeza kuti m'maboma 20 mwagwa ngozi chifukwa cha mbozizi. Tonse tinanyamula masipuleya. M'madimba, mmene chimanga chimakhala pamodzi ndi maungu ndi nyemba, tinkapopera m'mawa dzuwa likutuluka, poti ndiyo nthawi imene munthu ali ndi mphamvu ndipo mphepo kulibe. Ndinkalangiza choncho ndine, ndipo za maluwa a maungu sindinatchulepo kanthu. Ena ankatsukira masipuleya m'chitsime cha m'dambo momwemo.

Anandidzutsa ndi mayi wina wachikulire, membala wathu, amene dzina lake ndisunga. Ananditengera m'dimba mwake nandionetsa timaungu tating'ono tachikasu titayoyoka pansi, nati: "Alangizi, mankhwala anuwa apha mbozi, chabwino. Nanga zija zimalira m'maluwamu m'mawa zapita kuti?" Ndinayang'ana m'duwa limodzi, lachiwiri, lachitatu. Munali zii. Ndinabwerera kunyumba ndi manyazi, n'kukatsegula mabuku amene ndinkangowerengera mayeso.

Chimene chinachitika n'chosavuta kumva. Dzungu lili ndi maluwa aamuna ndi aakazi padera. Duwa lalikazi ndi lija lili ndi kadzungu kumunsi kwake. Limatseguka mbandakucha, pofika masana latseka, ndipo silitsegukanso. M'maola ochepa amenewo pafunika kachilombo kanyamule mungu kuchokera ku duwa lalimuna. Kakapanda kubwera, kadzunguko kamachita chikasu n'kugwa. Ife tinkapopera pa ola lenileni limene njuchi zili pa ntchito.

Ndisakunamizeni kuti mbewu zonse zimadalira njuchi. Chimanga mungu wake umayenda ndi mphepo. Mtedza umadzibereketsa wokha, soya nayenso kwambiri amadzidalira. Koma maungu, nkhaka, mavwende, mango ndi mapeyala zimafuna tizilombo, ndipo mpendadzuwa ukasowa njuchi umabereka njere zambiri zopanda kanthu mkati. Inu amene munakagulitsako mpendadzuwa, thumba lodzaza koma pa sikelo lopepuka, mukudziwa chimene ndikunena. Lipoti lalikulu la akatswiri a maiko ambiri la mu 2016 linapeza kuti pa mitundu inayi iliyonse ya mbewu zikuluzikulu za chakudya pa dziko lapansi, itatu imapindula ndi tizilombo tonyamula mungu. Ku California alimi a mtedza wa almond amachita kubwereka ming'oma ya njuchi ndi ndalama, kuinyamula pa malole chaka ndi chaka. M'madera ena a ku Sichuan, ku China, anthu anafika pokwera m'mitengo ya zipatso kukapaka mungu ndi manja. Ife ntchito imeneyi timagwiriridwa ulere, ndipo aganyu ake amagona kudambo.

Chifukwa chiyani kudambo? Mpendadzuwa umachita maluwa masabata ochepa okha. Miyezi ina yonse njuchi zimafunabe kudya. Mu October kumtunda kukauma ndi kupsa, madzi ndi maluwa zimatsala m'dambo, pa mitengo ya katope ndi pa tizitsamba ta m'chinyontho. Komanso si njuchi za mumng'oma zokha zimene zimatithandiza. Pali abemberezi amene amaboola mitengo youma, pali tinjuchi tina timene timakumba zisa m'dothi losagaulidwa, pali agulugufe a masana ndi a usiku. Khasu ndi moto zikafika paliponse, amenewa amasowa pogona.

Zimene tinagwirizana

Nkhaniyi titaikambirana, a mfumu ndi eni malo a kumutu kwa dambo anavomera kuti kachigawo kotsala kaja kasiyidwe. Sikunali kophweka, misonkhano ina inkatha anthu atakwiyirana. Koma panalibe chindapusa cha boma kapena mesenjala. Munagwirizana nokha, ndipo apa ndi pamene pali kusiyana ndi nthawi ya malimidwe.

Tinasankha chikande kukhala chizindikiro chathu, ndipo ndikufuna mumvetse chifukwa chake. Si kuti chikande pachokha chimadyetsa njuchi zonse, ayi. Mitundu yake ina, makamaka ya maluwa oyera onunkhira madzulo, imachezeredwa ndi agulugufe a usiku a milomo itali. Koma chikande ndi mmera wosachedwa kukhumudwa. Sichimera pamene pagaulidwa, pathiridwa feteleza, kapena pamene madzi a pansi atsika. Chikakhalapo, dziwani kuti dambo lili moyo ndipo maluwa ena onse a njuchi alipo. Chikasowa, ena aja ali m'njira.

Kuchilima nakonso n'kosiyana ndi mbewu zathu. Njere zake ndi zazing'ono ngati fumbi, zilibe chakudya mkati, ndipo sizimera pokhapokha zitakumana ndi tinkhungu tina ta m'dothi la dambo timene timazidyetsa. Ndiye simungachifese pa nazale ngati tomato. Ku Zambia, pakati pa 2016 ndi 2019, akatswiri a ku Kew ku England pamodzi ndi a Copperbelt University anali ndi ntchito yofufuza njira zomeretsera chikanda, chifukwa ngakhale kwa iwo si nkhani yapafupi. Ife njira yathu ndi ya m'mudzi. Mmera ukatuluka timazika kamtengo pambali pake kuti tisauponde. Sitikumba. Timadikira maluwa aume, njere ziuluke zokha. Membala akamatsegula dimba kumunsi n'kupeza chikande, amachizula ndi chibuma chonse cha dothi lake, n'kukachiika kumutu kuja pamalo a chinyontho chofanana. Zina mwa zimene tinasamutsa zinafa, makamaka zoyamba zija tinazisasa dothi. Zina zinagwira.

Udzu wofolera timamweta ndithu, koma maluwa atayamba auma. Ng'ombe zimalowa m'chilimwe, osati m'dzinja pamene ziboda zimaponda mimera m'matope. Chaka chilichonse timalambula mozungulira kuti moto wa mbewa usalowe. M'mphepete tabzala katope ndi jerejere, ndipo chewe ndi luni zikamera zokha timazisiya zina zichite maluwa. Wina anabwera ndi maganizo oti tiike namasupuni padziwe chifukwa maluwa ake ndi okongola. Tinakana. Namasupuni kwawo ndi ku South America, ndipo mukudziwa mmene amavutitsira pa mtsinje wa Shire. Za dambo lino zikhale za konkuno. Pa nkhani ya mankhwala, tsopano timapopera madzulo dzuwa litapendeka, sitipopera mbewu imene ili pa maluwa ngati pali njira ina, ndipo sipuleya timatsukira kutali ndi madzi.

Sindikupatsani manambala a zokolola, chifukwa sitinayeze mwa ukatswiri, ndipo mvula ndi mbewu nazo zimasintha chaka ndi chaka. Chimene ndinganene ndi chimene maso athu aona. Ming'oma imene gulu la njuchi linapachika m'mphepete ikulowedwa. Zitsime za madimba oyandikana ndi kumutu zikuchedwa kuphwa kusiyana ndi za kumene dambo linagaulidwa lonse. Ndipo mayi uja chaka chatha ananditumizira dzungu, osanena mawu ambiri.

Chisankho chili ndi inu

Amene akupempha kuti malowa agawidwe si adani a chilengedwe. Ambiri ndi mabanja achinyamata amene analandira kamunda kosakwana ekala, ndipo dimba la tomato kapena kabichi ndilo lingawalipirire ana fizi. Munthu wotere kumuuza za agulugufe a usiku, akhoza kukuseka, ndipo sangalakwe. Pempho lawo tilimve mwaulemu, ndipo kopaletivi iganize mozama za mmene ingawathandizire, kaya ndi malo a kumunsi amene eni ake sakuwalima, kaya ndi kuwaika patsogolo pa ming'oma ndi phindu la uchi. Tikangowauza kuti "ayi" popanda china m'manja, tabwerera ku malimidwe.

Koma nawonso amve mbali iyi. Kumutu kwa dambo kuli ngati chinkhupule: kumasunga mvula ya dzinja n'kumaitulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Tikakugaula ndi kukumba ngalande, chaka choyamba ndi chachiwiri tomato adzachita bwino kwabasi. Pambuyo pake madzi adzayamba kuthamanga m'malo molowa pansi, ndipo oyamba kulira adzakhala a madimba a kumunsi, amenenso ndi mamembala athu. Madzi a m'madambo a boma lino ndiwo amadyetsa mitsinje monga Bua ndi Rusa, ndiye nkhaniyi siithera pa ife tokha. Dziko lathu linalowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo, ndipo nyanja ya Chilwa ndi dambo la Elephant Marsh zili m'kaundula wake. Dambo lathuli ndi laling'ono, silidzalowa m'kaundula ameneyo, ndipo palibe mlonda wa boma adzabwere kudzalilondera. Likasungika, alisunga ndi anthu a m'kabuku kano. Dimba mutha kulitsegula chaka chilichonse mukafuna, koma chikande chikachoka, ngakhale mutalisiya dimbalo zaka zambiri, kubwerera kwake n'kovuta. Paja madzi akatayika saoleka.

Pempho langa ndi limodzi. Tisanavote, tidzapite limodzi kumaloko, makamaka mu January pamene chikande chili pa maluwa. Tidzapite kawiri, m'mawa kwambiri kuti mudzamve kulira kwa njuchi, ndi madzulo kuti mudzamve fungo. Mudzatenge agogo amene akudziwa maina a zomera, chifukwa ambiri mwa mainawo ine sindinawaphunzire ku sukulu, ndipo alembi athu adzabwere ndi kope kuti adzawalembe. Mudzatengenso ana. Tikadzabwerako, aliyense adzakweze mkono monga mtima wake wamuuzira, ndipo chimene mudzagwirizane, ine monga mlangizi wanu ndidzachitsata.